Kanema wopita pabalaza asamayambe wazungulira kunja kwa dziko

Tiyeni tiyambe ndi masamu. Muli ndi kanema wa ukwati wa 1GB mufoni mwanu, ndipo anthu asanu a pakhomo pomwepo akumufuna. Mukamuponya pa gulu la WhatsApp la pabanja, inu muwononga 1GB pomukweza, ndipo aliyense mwa asanuwo awononga 1GB yakeyake pomutsitsa. Zonse pamodzi ndi 6GB. Bandulo yonseyo yathera pa kanema amene amangofunika kuchoka pakhonde kukafika pabalaza.

Ulendo umene kanemayo amayenda ndi wautali kuposa wa basi ya ku Joni. Akachoka mufoni mwanu pa Chintheche pano amakwera pa nsanja ya netiweki, n'kulowa mu nthambo za faiba zodutsa ku Tanzania kapena ku Mozambique, chifukwa dziko lathu silinagunde nyanja yamchere. Kenako amakafika m'makompyuta a kampani ya Meta kunja, ndiye n'kubwereranso kudzalowa mufoni ya mchemwali wanu amene wakhala pampando woyang'anizana nanu. Pa 12 May 2024, nthambo za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zitaduka, intaneti inavuta m'Malawi, ku Tanzania, ku Mozambique ndi m'mayiko ena a kum'mawa kwa Africa. Tsiku ngati limenelo anthu awiri okhala m'nyumba imodzi amalephera kupatsana chithunzi.

Ndikudziwa zimene mukunena. "Aise, nanga Xender ndi yachiyani?" Zoona, Xender ndi SHAREit zimagwira ntchito popanda bandulo, inenso ndimazigwiritsa. Koma zimafuna kuti mwini fayilo akhale pompo, foni yake ili ndi moto, komanso akufuna kukupatsani. Akapita kumsika, kanema wapitanso kumsika. Fulashi nayo mukuidziwa bwino: ikangozungulira m'makompyuta atatu a pobanitsira nyimbo, imabwerako mafoda onse atasanduka ma shortcut.

Kwathu tinaika seva. Dzinali lisakuopseni. Seva ya mafayilo ndi kompyuta imodzi imene imakhala pamalo amodzi, yoyatsa, yosunga zinthu za aliyense, ndipo foni kapena laputopu iliyonse yolumikizidwa ku Wi-Fi ya pakhomopo imatha kutengamo kapena kuikamo zinthu. Anzathu a kumtunda angati nkhokwe. Ife a kunyanja kuno nkhokwe sitinaizolowere kwenikweni, poti chinangwa chimadikira m'munda mpaka tsiku lokazula, koma fanizolo mwalimva.

Chinthu chimodzi chimene ambiri sitinachimvetse ndi chakuti Wi-Fi si intaneti. Rauta kapena ka MiFi kanu kali ndi ntchito ziwiri: kulumikiza zipangizo za m'nyumba kuti zizionana, komanso kuzitulutsira kunja kudzera pa SIM khadi. Bandulo ikatha, ntchito yachiwiriyo ndi imene imaima. Yoyambayo imapitirira. Mutha kuchotsamo SIM khadi, mafoni ndi malaputopu n'kumapatsanabe mafayilo bwinobwino.

Vuto limayambira pa mitundu ya zipangizo, ndipo kuno kwathu kusakanikiranaku kuli ndi mbiri yake. Atonga anayamba kalekale kupita kukagwira ntchito kummwera kwa Africa. Mishoni ya Livingstonia itasamukira ku Bandawe mu 1881, sukulu zake zinatulutsa anyamata odziwa kulemba ndi kuwerenga amene ntchito zinali kutali ndi kwawo. Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe mu 1896, anakayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Njira imeneyo sinatsekeke mpaka lero. Kale obwerera kumudzi ankabwera ndi njinga ndi masuti, pano katundu wotsika m'mabasi pa msewu wa M5 amakhala ndi mafoni ndi malaputopu ogwirapo kale ntchito. Wotumizayo safunsa kuti kunyumba kuli makina amtundu wanji. Amatumiza chimene wachipeza.

Ndiye taonani za pakhomo pathu. Laputopu ya Windows 11 ndi yanga. Ina yakale ya Windows 10 inachokera kwa asibweni, amalume kwa inu a ku Blantyre, amene ali ku Johannesburg. Mchemwali wanga ali ndi iPhone yochokera ku Cape Town, msuweni wathu wophunzira ku Mzuzu University amabwera ndi MacBook pa holide, ndipo ena onse ali pa Tecno, Itel ndi Samsung. Zilankhulo zinayi m'nyumba imodzi: Windows, macOS, iOS ndi Android.

Mwayi wake, zonsezi zili ndi chilankhulo chimodzi chimene zimamvana, chotchedwa SMB. Anachiyambitsa ndi Barry Feigenbaum ku kampani ya IBM mu 1983, kenako Microsoft inachitenga n'kukhala njira imene makompyuta a Windows amagawanirana mafoda. Mu 1992 Andrew Tridgell, wophunzira pa yunivesite ina ku Canberra m'dziko la Australia, anatulutsa pulogalamu yaulere yothandiza makompyuta a mtundu wina kulankhula chilankhulo chomwecho. Pulogalamuyo ndi imene lero timaitcha Samba. Apple nayo inagonja: kuyambira 2013 makompyuta a Mac amagwiritsa ntchito SMB ngati njira yoyamba yogawanirana mafayilo, ndipo kuyambira iOS 13 ya mu 2019 iPhone imalowa mu seva yotere popanda kuikamo pulogalamu yowonjezera.

Seva yathu ndi laputopu ya asibweni ija. Kiyibodi yake mabatani ena anafa, sikirini ili ndi mzere, koma pa ntchito imeneyi zonsezo zilibe kanthu. Microsoft inathetsa chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo malaputopu akale ambiri salandira Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 kapena purosesa yake ndi yakale. Makina oterewa tiwaona ambiri akutsika m'mabasi zaka zikubwerazi. Ine ndimati musawataye, aikeni Linux. Ndinasankha Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaiyambitsa mu 2004. Dzinalo ndi umunthu wathu womwewu. Linux Mint nayonso ili bwino kwa amene anazolowera maonekedwe a Windows. Bandulo yaikulu imene mungawononge pa ntchito yonseyi ndi yotsitsira Linux yomweyo, ma GB angapo, kamodzi basi. Ngati mnzanu ali nayo kale pa fulashi, bwerekani.

Pali amene anganene kuti Windows payokha imatha kugawa foda, bwanji kuvutika? Imathadi, ndipo imalola zipangizo zofika 20 nthawi imodzi, zokwanira banja lililonse. Ngati kompyuta yanu ili pa Windows 11 ndipo imakhala pakhomo, teroni. Koma laputopu imene mwini wake amainyamula kupita nayo ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu si seva. Ndi Xender yaikulu chabe.

Ntchito yeniyeni ndi yaifupi. Mu terminal mumalemba sudo apt install samba. Kenako mumapanga foda, n'kutsegula fayilo ya /etc/samba/smb.conf, pansi pake n'kuwonjezerapo mizere ngati iyi:

[banja]
path = /srv/banja
valid users = ama, ada, ana
read only = no

Munthu aliyense mumamupangira akaunti pa Linux, kenako pasiwedi ya Samba polemba sudo smbpasswd -a ndi dzina lake. Onetsetsani kuti fodayo mwaipatsa chilolezo choti anthu amenewo azilembamo, chifukwa Samba ikhoza kuvomera koma Linux n'kukana. Mukatero muyambitsenso Samba kapena kompyuta yonse.

Zinthu ziwiri zing'onozing'ono zimasokoneza anthu ambiri. Choyamba, laputopu imagona mukaitseka. Mu fayilo ya /etc/systemd/logind.conf sinthani mzere wa HandleLidSwitch ukhale ignore, kuti izigwirabe ntchito ili chitsekere. Chachiwiri ndi adiresi. Rauta imapatsa chipangizo chilichonse nambala, monga 192.168.8.10, ndipo nambalayo imatha kusintha rauta ikazima n'kuyakanso. Lowani m'makonzedwe a rauta muimangirire nambala imodzi ku seva, muilembe papepala, mumate pakhoma. Ngati rauta ili ndi pobayira nthambo, lumikizani seva ndi nthambo osati Wi-Fi. Ngakhale nthambo ya liwiro la 100Mbps imasamutsa 1GB pa mphindi ziwiri zosakwana.

Kulowamo kumasiyana pang'ono. Pa Windows mumatsegula File Explorer n'kulemba \\192.168.8.10\banja pamwamba paja. Pa Mac, mu Finder, mumadina Command ndi K n'kulemba smb://192.168.8.10. Pa iPhone mumatsegula Files, kudina timadontho titatu, n'kusankha Connect to Server. Pa Android mufunika pulogalamu yoyang'anira mafayilo yodziwa SMB, monga Cx File Explorer kapena Solid Explorer. VLC imaonetsa kanema kuchokera mu seva mwachindunji osamukopera mufoni, zimene zimapulumutsa eni mafoni a 32GB amene tsiku lililonse amakhalira kufufuta zinthu. Foni ikakana kuona seva chikhalirecho zonse zili pa Wi-Fi imodzi, fufuzani mu rauta mawu akuti AP isolation. Akakhala oyatsa, rauta imaletsa zipangizo kuonana.

Phindu lalikulu la seva pa nyumba yosakanikirana limaonekera pa nkhani ya madisiki. Amene anabayapo hard drive imodzi pa makina osiyana akudziwa mutu wake. Disiki yokonzedwa mwa NTFS, ya Windows, Mac imaiwerenga koma silembamo. Ya APFS, ya Mac, Windows siiona n'komwe, ndipo nthawi zina imakufunsani ngati mukufuna kuifomata. Munthu wosadziwa amangovomera, zithunzi za zaka zisanu n'kupita. FAT32 imawerengedwa paliponse koma silandira fayilo yoposa 4GB. Ndi seva, disiki imakhala malo amodzi, yokonzedwa mwa ext4 ya Linux, ndipo palibe foni kapena laputopu imene imaikhudza mwachindunji. Zonse zimadzera kwa Samba, amene ali ngati womasulira pabwalo la mfumu.

Womasulirayo satha zonse, komabe. Windows salola zilembo monga : ? ndi * m'dzina la fayilo pamene Linux imalola, choncho fayilo yotchedwa "Maliro: tsiku loyamba" yoikidwa kuchokera pa seva penipeni imaoneka ndi dzina lachilendo pa Windows. Kwa Linux, Ukwati.mp4 ndi ukwati.mp4 ndi mafayilo awiri, kwa Windows ndi imodzi. Zithunzi za iPhone kuyambira 2017 zimasungidwa mwa HEIC, imene makompyuta ena a Windows satsegula popanda kuwonjezera kapulogalamu, choncho mchemwali wanga anasintha kamera yake kukhala pa Most Compatible kuti izijambula JPEG. Mudzaonanso tinyalala totchedwa .DS_Store ndi Thumbs.db m'mafoda. Si vayirasi ayi. Ndi mapazi a Mac ndi Windows, osonyeza kuti zinadutsapo.

Apa pali msampha umodzi umene ndikufuna muupewe. Marauta ena akale ali ndi pobayira USB, ndipo amalonjeza kugawa disiki popanda kompyuta. Ambiri mwa iwo amalankhula SMB1, mtundu wakale wa chilankhulo chija, umene Windows yatsopano imaukana. Mukafunsa pa YouTube mudzapeza wina akukuonetsani moyatsira SMB1. Musayatse. Ndi khomo lomwelo limene vayirasi ya WannaCry inalowera mu May 2017, n'kutseka makompyuta m'mayiko pafupifupi 150, kuphatikizapo zipatala za boma ku Britain. Chimodzimodzinso, musatsegule port 445 pa rauta kuti muzilowa mu seva muli kutali. Seva iyi ndi ya m'nyumba.

Tsopano za kunyanja kuno, zimene mabuku a ku Ulaya sanena. Magetsi amazima, ndipo disiki imene ikulembedwa magetsi n'kuzima mwadzidzidzi imatha kuwonongeka. Mphepo ya Ana itawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi 130MW ndipo kuzima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yoposa chaka. Ichi n'chifukwa chake laputopu yakale imaposa kompyuta ya padesiki, imaposanso Raspberry Pi imene anyamata a makompyuta amaikonda: ili ndi batire yakeyake. Ngakhale batire yotha, yosunga moto mphindi 20 zokha, imapatsa makina mpata wozima mwaulemu. Laputopu yotseka sikirini imadyanso moto wochepa, woti sola ya pakhomo ndi batire ya galimoto zimakwanitsa. Rauta zambiri zimayendera 12V kapena 9V, choncho nazo zimatheka kuziika pa sola. Ndipo palibe lamulo loti seva izikhala yoyaka usiku wonse. Yathu imayaka madzulo anthu akabwerako, n'kuzima pogona.

Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa madera olandira mvula yambiri m'Malawi muno, ndipo chinyezi ndi zamagetsi sizigwirizana. Seva musaiike pansi kapena pafupi ndi zenera loyang'ana kunyanja. Ikhale pa shelefu, pokwera, podutsa mphepo, osaifunditsa nsalu poopa fumbi. Mabingu akayamba, zulani chaja. Nyerere zimakonda kufunda kwa mkati mwa laputopu, ndiye malo ake azikhala opanda nyenyeswa za chakudya. Nkhungu zikatuluka panyanja, zija zimaoneka ngati utsi patali, zimathamangira kuwala n'kudzaza tizibowo ta mphepo. Chimenecho ndi chifukwa china chotsekera sikirini.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi n'zofunikadi? Msuweni wathu wina, msodzi wa usipa, anajambula agogo athu akufotokoza m'Chitonga mbiri ya banja lathu, mayina a makolo ndi kumene anachokera. Anajambula pafupifupi ola lathunthu. Fayiloyo inali yaikulu, bandulo yotumizira panalibe, ndipo tonse tinkati tidzakopera. Foniyo inagwera m'madzi usiku wina ali pa ntchito, mwera utavuta. Agogo anamwalira chaka chotsatira. Zithunzi zawo tili nazo, zija za pa WhatsApp zofinyidwa mpaka nkhope kuoneka ngati yapakidwa utoto, koma mawu aja anatsala pansi pa nyanja.

"Bwanji osaika pa Google?" Ikani, ngati mungathe. Koma malo aulere ndi 15GB okha, ogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos. Google Photos inasiya kusunga zithunzi mwaulere mopanda malire pa 1 June 2021, ndipo kuyambira chakumayambiriro kwa 2024 zosunga za WhatsApp pa Android nazo zimadya malo omwewo. Kuwonjezera malo n'kulipira mwezi ndi mwezi pa mtengo wotsatira ndalama zakunja, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Kanema wa malipenga kapena chilimika cha pa Chaka Chatsopano, wojambulidwa bwino, amadya ma GB angapo payekha. Ine ndimaona kuti zikalata zofunika, monga satifiketi ya MSCE ndi chitupa, ziyenera kukhala konsekonse, pa Google ndi pa seva. Makanema akhale pakhomo. Mapulogalamu monga FolderSync pa Android ndi PhotoSync pa iPhone amatha kukopera zithunzi zatsopano ku seva foni ikafika pa Wi-Fi ya pakhomo, mwini wake osachita kukumbukira.

Gawo lovuta kwambiri silinali la makompyuta. Nditawafotokozera mayi anga, funso lawo loyamba linali lakuti, "Ndiye kuti zithunzi za mufoni mwanga aliyense aziona?"

"Ayi ama, foda yanu ili ndi kiyi wanuwanu."

"Nanga iwe wopanga makiyiwe?"

Anafunsa zoona. Woyang'anira seva amatha kuona chilichonse chimene chili pa disikiyo, kaya mafoda ali ndi mapasiwedi. Ndinawauza choncho, ndipo aliyense woika seva pakhomo ayenera kuwauza abale ake zimenezi poyera asanaikemo kanthu. Tinagwirizana kuti pakhale mafoda amitundu itatu. Ya Banja aliyense amaona, koma olemba ndi kufufutamo ndi awiri okha. Ya Sukulu, momwe muli mapepala a mayeso akale ndi manotsi, ndi ya onse. Kenako aliyense ali ndi yake. Chimene munthu sakufuna kuti wina aliyense achione, ngakhale ine, asachiike pa seva. Makamaka inu achinyamata anzanga, mukudziwa zithunzi zimene ndikunena. Tamva kangati za mtsikana amene zithunzi zake zinafalikira kuchokera kwa wokonza mafoni kapena chibwenzi chakale? Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'zinthu za wina popanda chilolezo komanso kuzunza munthu kudzera pa makina, koma chithunzi chikafika pa magulu a WhatsApp palibe khoti limene lingachibweze.

Pasiwedi ya Wi-Fi isakhalenso yofanana ndi ya seva. Kuno mlendo akafika timamupatsa mpando, madzi, kondowole, ndipo masiku ano pasiwedi ya Wi-Fi. Imeneyo mpatseni. Ya seva ayi. Ndipo ngati mukuganiza zosandutsa seva kukhala bizinesi yobanitsa nyimbo za oimba athu, dziwani kuti pamenepo mwalowa m'dera la Copyright Act ya 2016 ndi bungwe la COSOMA.

Chinanso chimene ana a pakhomo ayenera kudziwa: fayilo yofufutidwa pa seva kudzera pa netiweki sipita mu Recycle Bin ya laputopu yanu. Imangopita. Samba ili ndi mankhwala ake, mzere wakuti vfs objects = recycle pansi pa foda ija mu smb.conf, umene umasunga zofufutidwazo mu foda yobisika mpaka woyang'anira atazichotsa yekha.

Seva nayo ndi makina, ndipo disiki iliyonse ili ndi tsiku lake lofa. Akuba akalowa, laputopu ndi imene amayamba kunyamula. Vayirasi yotseka mafayilo ikagwira laputopu ya Windows imatha kutsekanso mafoda a pa seva amene laputopuyo ili ndi chilolezo cholembamo. Choncho pamafunika disiki yachiwiri ya USB, yosakhala chibayire. Kamodzi pamwezi ndimaibaya, n'kukopera zatsopano zokha ndi pulogalamu ya rsync, kenako n'kuizula. Disikiyo sigona m'nyumba imodzi ndi seva. Imakhala kwa azakhali kumtunda, mu kontena ya pulasitiki yotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi tija toyamwa chinyezi topezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Pa miyezi itatu iliyonse ndimatsegulamo makanema awiri kapena atatu osasankha, kuona ngati akuseweradi mpaka kumapeto.